Wailesi yomwe inkasowa mvula ikagwa: lipoti la siteshoni ina ya m'dera ku Kasungu

Akuluakulu a wailesi ina yaing'ono ya m'dera m'boma la Kasungu, yomwe dzina lake sitilitchula muno, anatiitana ife amisiri atagamula kale mlandu. Ankati transimita yawo, makina osandutsa mawu kukhala mafunde a wailesi, yatha, ndipo ankangofuna kuthandizidwa kusankha ina ya mawati 1000 m'malo mwa ya mawati 300 yomwe anali nayo. Umboni wawo unali womveka ndithu. Chilimwe chonse wailesi inkamveka bwino, makalabu omvera wailesi n'kumaimba foni kuchokera m'midzi yakutali. Koma mvula yodzalira ikangokhazikika, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, omvera akutaliwo ankangomva kusokosera, ena mpaka kumafunsana pamsika ngati siteshoni yatsekedwa. Dzuwa likawala masiku angapo, mawu ankabwerera okha.

Nthawi yomwe wailesi inkasowayo ndi imene mlimi wa ku Kasungu amaifunitsitsa. M'miyezi imeneyi ndi mmene anthu akuwokera fodya, kudzala chimanga, mtedza ndi soya, kuthira feteleza, kulimbana ndi mbozi m'chimanga, ndiponso kumvetsera uthenga wa zanyengo kuti adziwe ngati mvula idule. Mlangizi sangafike mudzi uliwonse misewu ikaterera. Wailesi ndiyo imafika, ikakhala pamphepo.

Zida zomwe tinapeza

Siteshoniyi ili ndi situdiyo imodzi, mikisa, makompyuta awiri ndi foni yolandirira omvera. Mawu akachoka pa mikisa amalowa mu transimita ya FM ya mawati 300, yomwe ili m'kachipinda kogundana ndi situdiyo. Kuchokera pamenepo chingwe cha mtundu wa RG-213, chotalika mamita 45, chimakwera nsanja ya mamita 36 kukafika pa eriyo, chida chomwe chimamwaza mafunde mumlengalenga. Buku lolembamo zomwe mita ya transimita ikuwerenga tsiku ndi tsiku kunalibe, choncho panalibe njira yodziwira kuti vuto linayamba liti. Tinayamba n'kuwerenga tokha.

Transimita iliyonse ya FM imaonetsa manambala awiri ofunika: mphamvu yomwe ikutuluka kupita ku eriyo, ndi mphamvu yomwe ikubwerera. Transimita, chingwe ndi eriyo zonse zinapangidwa kuti zigwirizane pa ma ohm 50 (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa). Pakakhala posagwirizana penapake, mphamvu ina imakanika kudutsa n'kubwerera kwa mwini wake. Amisiri amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa VSWR. Ikakhala 1.5, mphamvu yobwerera ndi magawo 4 pa 100 alionse; ikafika 2, ndi magawo 11; ikafika 3, ndi magawo 25. Mphamvu yobwererayo imatenthetsa matranzisita, ndiye matransimita amakono amadzichepetsera okha mphamvu akaona kuti yachuluka, kuti asapse.

Kukakhala kouma, mita inkaonetsa mawati 300 otuluka ndi 8 obwerera. Pepala likhoza kunena kuti zonse zili bwino, chifukwa VSWR yake ndi pafupifupi 1.4. Mvula itagwa usiku, obwerera anakwera kufika 40, ndipo patangopita mphindi zochepa transimita inadzitsitsa yokha kufika pansi pa mawati 100. Apa m'pamene akuluakulu ankaonera kuti makina atopa. Koma makina omwe akudziteteza chonchi ndi amoyo.

Kupatula wolakwa

Njira yake ndi yoyeza chida chimodzichimodzi. Tinazimitsa transimita, kuchotsa chingwe chopita kunsanja, n'kulumikiza dummy load ya ma ohm 50, chida chomwe chimameza mphamvu yonse n'kuisandutsa kutentha osaulutsa kanthu. Transimita inatulutsa mawati 300 kwa ola lathunthu, yobwerera pafupifupi palibe, zokupizira mphepo zikuzungulira bwino. Mlandu wa transimita unathera pomwepo. Tichenjeze kuti dummy load iyenera kukhala yopirira mphamvu ya transimitayo. Yaing'ono imapsa m'kanthawi kochepa. Ndiponso transimita sayatsa popanda cholumikiza kotulukira mphamvu, ngakhale kwa kamphindi.

Kenako mmisiri anakwera nsanja, transimita itazimitsidwa ndipo munthu wina atakhala pa switchi kuti wina asayatse mosadziwa. Wokwera amavala lamba womangira kunsanja, ndipo kukachita mitambo ya mvula sakwera. Pamwamba, polumikizira chingwe ndi eriyo panali pokulungidwa ndi tepi wakuda wamagetsi yekha, yemwe dzuwa linali litamuumitsa n'kumusweka. Atamasula konekita, munatuluka madzi obiriwira. Kapini ka pakati kanali kakuda, ndipo waya woluka wa m'kati mwa chingwe, yemwe amayenera kuwala ngati kopa watsopano, anali wobiriwira ndi wofumbutuka. Tinadula chingwe mita imodzi, kenako ina, kenako inanso, koma dzimbiri linali likadalipo. Waya wolukayu amayamwa madzi n'kuwatsitsa pang'onopang'ono m'kati mwa chikopa cha chingwe, moti chingwe chomwe chamwa madzi nyengo zingapo za dzinja sichichiranso. Kuyanika padzuwa n'kudzinamiza.

Apa pali mfundo yomwe amisiri ambiri a m'mawailesi ang'onoang'ono amaiphonya, ndipo ndi imene inabisa vutoli. Chingwe chimadya mphamvu. RG-213, ngakhale chatsopano, chimataya pafupifupi ma dB 7 pa mamita 100 alionse pa ma MHz 100 (dB ndi muyeso wa kuchepa kapena kukwera kwa mphamvu, ndipo MHz ndi nambala yomwe siteshoni imapezekapo pa FM). Pa mamita 45 ndiye ma dB 3, kutanthauza theka la mphamvu. Mwa mawati 300 otuluka pansi, ofika pamwamba ndi 150 okha. Mphamvu yobwerera nayo imadutsa chingwe chomwecho, n'kutayanso theka isanafike pa mita. Choncho mawati 40 omwe mita inkaonetsa mvula ikagwa anali 80 pamwamba. Mwa 150 ofika ku eriyo, 80 ankabwerera, n'kutsala 70, ndipo ena mwa amenewa ankathera kutenthetsa konekita yonyowa. Apo n'kuti transimita isanadzitsitse. Ngakhale aja 8 a nthawi youma anali 16 pamwamba, VSWR ya pafupifupi 2. Chingwe chikamaipiraipira, mita ya pansi imaoneka ngati ikunena zabwino, chifukwa zobwerera zikuthera m'njira. Mmisiri akaona nambala yobwerera ikutsika yokha pakapita miyezi popanda chomwe wakonza, asasangalale, akayeze chingwe.

Chifukwa chomwe sitinavomereze mawati 1000

Mafunde a FM, omwe ali pakati pa ma MHz 87.5 ndi 108, amayenda molunjika. Chomwe chimalamula mtunda kwambiri ndi kutalika kwa eriyo. Kuti mudziwe pomwe mafunde athere pamalo athyathyathya, tengani square root ya kutalika kwa eriyo m'mamita n'kuchulukitsa ndi 4.1. Nsanja ya mamita 36 ipereka makilomita pafupifupi 25, ndipo mukaonjeza kutalika kwa wailesi ya womvera mufika cha m'ma 30. Kupitirira apo mawu amafooka msanga, kaya muonjeze mphamvu chotani. Chigwa cha Kasungu n'chabwino pa nkhaniyi poti n'chosalala, koma boma lake n'lalikulu, ndipo nsanja imodzi yaifupi singakwanire Santhe, Chamama ndi Nkhamenya nthawi imodzi. Midzi ya kuseri kwa mapiri ndi ya m'zigwa za mitsinje ngati Bua ndi Dwangwa imakhala pamthunzi wa mafunde ngakhale ili pafupi.

Kuchoka pa mawati 300 kufika 1000 n'kuonjeza ma dB 5. Kukonza chingwe kuti mphamvu yofika ku eriyo ichoke pa 70 kufika 240 n'kuonjezanso ma dB 5 omwewo, popanda kuonjeza ngakhale yuniti imodzi ya magetsi. Transimita yaikulu ikanafuna magetsi ochuluka katatu, jenereta yaikulu ndi mabatire ambiri, ndipo ikanaotcha konekita yonyowa ija mvula yoyamba. Palinso lamulo. Laisensi yochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi m'dziko muno, imanena nambala ya FM, mphamvu ndi dera lomwe siteshoni iyenera kufikira. Kukweza mphamvu kapena nsanja popanda chilolezo n'kuphwanya laisensi, ndipo poti Kasungu achita malire ndi Zambia chakumadzulo, mafunde opitirira muyeso akhoza kusokoneza masiteshoni a tsidya linalo. Ngakhale pa kukonza chingwe kumene, tinalangiza akuluakulu kuti ayerekeze mphamvu yatsopano yotuluka pa eriyo ndi yomwe inalembedwa mu laisensi yawo.

Zomwe zinakonzedwa pansanja

Chingwe chonse chinasinthidwa n'kuikapo cha theka la inchi, chokhala ndi chikopa cha kopa cholimba m'malo mwa waya woluka. Chimenechi chimataya ma dB opitirira pang'ono 2 pa mamita 100, ndiye pa mamita 45 ndi dB imodzi; mwa mawati 300, pafupifupi 240 amafika pamwamba. Sichifuna kupindidwa mwamphamvu, chifukwa chikaphwatalala penapake ma ohm 50 aja asokonekera pomwepo. Chimamangidwa kunsanja pa mita iliyonse ndi zomangira zosachita dzimbiri, osati waya wa mpanda, yemwe amacheka chikopa mphepo ikamawomba.

Kutseka madzi pa konekita ndi ntchito ya mphindi 20, koma ndiyo inagwetsa siteshoni yonse. Choyamba pamakulungidwa tepi wamagetsi mzere umodzi, kuti tsiku lomasula pasadzavute. Pamwamba pake pamabwera tepi wa labala wodzimata yekha, womukoka mpaka atapyapyala, kuyambira pachingwe pansi pa konekita kukwera mpaka kupitirira polumikizira. Kukulunga kumayambira pansi kupita m'mwamba, mzere uliwonse kuphimba theka la unzake, monga amachitira pofolera nyumba ndi udzu, kuti madzi otsetsereka asapeze polowera. Pomaliza pamabweranso tepi wamagetsi mizere iwiri kapena itatu, chifukwa labala uja sapirira dzuwa. Pansi, chingwe chisanalowe m'nyumba, chimapindidwa pang'ono kuti chitsike kenako chikwere, madzi azidonthera panja osatsata chingwe mpaka pa transimita. Zitatha izi mita inaonetsa mawati obwerera osakwana 5, ndipo mvula itagwanso nambalayo sinasunthe.

Tinasinthanso zinthu ziwiri m'kati mwa transimita zomwe sizinadye ndalama. Inapezeka itaikidwa pre-emphasis (muyeso wokwezera mawu othwa asanaulutsidwe) ya 75, ya ku America, pomwe kuno timagwiritsa ntchito 50, n'chifukwa chake mawu a owulutsa ankamveka othwa mopweteka khutu. Chachiwiri, siteshoni inkaulutsa mu stereo, mawu ogawidwa kumasipika awiri, osati mono, mawu a njira imodzi. Omvera ambiri m'midzi ali ndi kawailesi ka sipika imodzi kapena foni ya mabatani yokhala ndi mahedifoni, ndipo mapologalamu ambiri ndi olankhula. Mafunde akafooka, stereo imabwera ndi phokoso lalikulu kuposa mono. Titazimitsa stereo, omvera a kumapeto kwa dera ndi omwe anapindula. Achinyamata oimba nyimbo pasiteshonipo sanakondwere nazo, ndipo maganizo awo ndi omveka, koma wailesi ya m'dera imayezedwa ndi mudzi womaliza womwe ikufika.

Mphenzi

Pofufuza tinaona mikisa yakale itaunjikidwa pakona, yopsa polowera mawaya. Nsanja ya mamita 36 pachigwa ndiye chinthu chachitali kuposa zonse m'deralo, ndipo mphenzi idzaipeza basi. Nsanjayi inali ndi ndodo imodzi yokha yokhomedwa pansi, yolumikizidwa ndi kawaya kopyapyala kamene kanali katamasuka. Nyumba nayo inali ndi ndodo yakeyake kutsidya lina, yosalumikizana ndi ya nsanja. Choopsa chili pamenepa. Mphenzi ikamenya nsanja, mphamvu ya nthaka ya pansanja imakwera kwambiri pomwe ya kunyumba ili pansi, ndipo magetsi amafuna njira yodutsa pakati pa ziwirizi. Njira yomwe amapeza ndi chingwe, transimita, mikisa ndi makompyuta.

Mankhwala ake n'kulumikiza zonse pamalo amodzi. Ndodo zakopa zinakhomedwa mozungulira nsanja, motalikirana mosachepera kutalika kwa ndodo imodzi, n'kulumikizidwa ndi lamba wakopa wokwiriridwa pansi, yemwe anafikanso pa ndodo ya nyumba. Chikopa cha chingwe chinalumikizidwa kunsanja pamwamba ndi pansi, komanso polowera m'nyumba, pomwe panaikidwa chotchinga mphenzi cha pachingwe. China chinaikidwa pa bokosi lalikulu la magetsi. Mawaya onsewa akhale aafupi, onenepa ndi osapindikapindika. Cholinga n'chakuti kukaniza magetsi kwa pakati pa ndodozo ndi nthaka kufike pansi pa ma ohm 10, ndipo kuyeza kwenikweni kumachitika mu Okutobala nthaka itaumitsitsa, osati mu Januwale pomwe dothi lonyowa limakometsa nambala. Ena amathira mchere m'dzenje kuti nambala itsike msanga. Imatsikadi, koma mcherewo umadya ndodo ndipo umakokoloka ndi mvula. Kuonjeza ndodo ndiye njira yokhalitsa.

Magetsi, mafuta ndi yemwe amalipira

Gawo ili silinali m'dandaulo, koma ndi limene latidetsa nkhawa kwambiri. Transimita ya mawati 300 imakoka pafupifupi mawati 500 pakhoma. Situdiyo, makompyuta ndi mababu zimaonjeza cha m'ma 300. Zonse pamodzi ndi mawati 800. Magetsi akazima maola 8, pamafunika mayuniti 6.4, ndipo tikawerengera zomwe inveta (chida chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) imataya ndi mayuniti 7. Batire la ma volt 12 ndi ma Ah 200 limasunga mayuniti 2.4, koma la mtovu siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi limafa chaka chisanathe. Ndiye pamafunika mabatire 6 otere. Siteshoniyi inali ndi awiri, onse otupa m'mbali, pa inveta yotchipa yosatulutsa pure sine wave (magetsi osalala ngati a pakhoma), yomwe inkalowetsa kulira kwa magetsi m'mawu. Zotsatira zake, magetsi akangozima ankathamangira jenereta ya petulo, yomwe imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola.

Aliyense woyendetsa wailesi yaing'ono akukumbukira chaka cha 2022. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, kuzimazima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44. Zida zonse za wailesi zimagulidwa kunja. Mu 2022 momwemo MACRA inalanda malaisensi a nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole za laisensi. Siteshoni yomwe ndalama zake zimachokera ku mauthenga a maliro, zikwati, moni ndi malonda ang'onoang'ono a patawuni singapirire zonsezi n'kumagulanso petulo tsiku lililonse.

Chomwe chinachitika pasiteshoniyi n'chakuti mafuta a pologalamu ya zaulimi ya madzulo ankagulidwa ndi wamalonda wina wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Panalibe pangano lolembedwa. Ankangotumiza chigubu, n'kumatchulidwa dzina pamphepo. Alimi atayamba kuimba foni kudandaula za mbewu yosamera yomwe inkagulitsidwa m'misika ya m'derali, wowulutsa anayamba kudula mafoni oterowo. Palibe yemwe anamuuza kuti atero, ndipo sitikunena kuti mbewuyo inali ya wamalondayo. Wowulutsayo ankangodziwa komwe chigubu chimachokera. Dziko lino linakhala ndi wailesi imodzi yokha, MBC, kuyambira 1964 mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo la 1998 lomwe linakhazikitsa MACRA ndilo linatsegula khomo la mawailesi a anthu wamba ndi a m'madera, monga Dzimwe ya ku Mangochi. Ufulu umenewo ulipo papepala, ndipo lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma m'situdiyo ya ku Kasungu, nthawi ya 7 koloko madzulo magetsi atazima, mlimi wodandaula ankadulidwa chifukwa cha malita awiri a petulo.

Malangizo athu anali oti ndalama zomwe ankasonkhanitsira transimita yatsopano zipite ku magetsi. Mabatire awiri a lithium a ma volt 48 ndi ma Ah 100 amasunga pafupifupi mayuniti 5 lililonse, ndipo amalola kutsitsidwa kufika magawo 80 pa 100, ndiye akwanira maola 8 aja. Inveta ikhale ya pure sine wave. Kuti siteshoni iziyenda pa sola yokha maola 18 patsiku pamafunika mayuniti opitirira 14, kutanthauza mapanelo okwana mawati 4000 poganizira mitambo ya dzinja. Zimenezo zinali zopitirira thumba lawo, choncho anayamba ndi theka la mapanelowo, loti lizidzaza mabatire masana. Panaikidwanso kachida kochedwetsa magetsi mphindi 3 akabwera, chifukwa nthawi yobwerayo ndi imene amadumphadumpha n'kuotcha zida. Usiku kwambiri, omvera akachepa, transimita ikhoza kutsitsidwa theka kuti mabatire afike m'mawa.

Ku mbali ya ofesi, komiti yoyendetsa wailesi inagwirizana kuti pakhale mitengo yolembedwa ya malonda ndi mapologalamu olipiridwa, yofanana kwa aliyense, ndipo ndalama zizilowa ku akaunti ya siteshoni ndi lisiti, osati zigubu zopatsira wowulutsa m'manja. Pologalamu yolipiridwa izinenedwa poyera kuti ndi yolipiridwa, poyamba ndi pomaliza. Wolipira asasankhe mafoni olowa. Dandaulo lokhudza wamalonda aliyense lizipita kwa mkonzi wa nkhani, yemwe afufuze, afunse alangizi a zaulimi, apatse wodandaulidwayo mpata woyankha, kenako liulutsidwe. Zonse zopita pamphepo zizijambulidwa ndi kusungidwa, kuti pakabuka mkangano pakhale pobwerera. Wamalonda uja anapatsidwa mitengo yatsopanoyo ngati wina aliyense.

Zotsala

Buku la mita linatsegulidwa, ndipo wowulutsa woyamba m'mawa ndi womaliza usiku amalemba mawati otuluka, obwerera ndi mphamvu ya mabatire. Obwerera akapitirira 12 aitane mmisiri tsiku lomwelo, osadikira kuti omvera adandaule. Zosefera fumbi za transimita zizitsukidwa mwezi uliwonse, ndipo kawiri pamwezi kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, fumbi likachuluka. Mabowo a kachipinda ka transimita atsekedwe ndi sefa, chifukwa tinapezamo nalimata wouma pafupi ndi fyuzi ndi chisa cha nyerere kuseri kwa inveta.

Ntchito ziwiri sizinachitike. Mawaya okoka nsanja achita dzimbiri pomangira pansi ndipo awiri ndi olendewera. Ayenera kusinthidwa mphepo ya mvula yoyamba isanafike. Ma ohm a ndodo zatsopano anayezedwa nthaka ili yonyowa, choncho ayezedwenso mu Okutobala, ndipo ngati apitirira 10 paonjezedwe ndodo ziwiri kumbali ya kumadzulo kwa nsanja, komwe dothi lake ndi lakuya.